Manambala Osagawika ndi Maloko a Cinsinsi

Kum'mawa kwa boma la Machinga, m'malire a dziko lathu ndi Mozambique, kuli nyanja ya Chiuta, imene madzi ake amalowa m'nyanja ya Amaramba, nakatsikira mu mtsinje wa Lugenda. Kuyambira kale anthu a kumeneko amadalira nsomba, monga makumba, matemba ndi milamba, zimene amalonda amapita nazo ku Ntaja, ku Liwonde ndi ku Balaka. Masiku amakedzana wamalonda ankamanga ndalama zake m'kansaru, ndipo za mtengo ankanong'onezana ndi msodzi pa gombe. Koma ciyambire Airtel Money m'caka ca 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ndalama zambiri zimayenda ngati uthenga wa pa lamya. Uthengawo, pamodzi ndi mauthenga amene makompyuta a mabanki amatumizirana pa intaneti, umadzera m'makina a anthu ambiri amene sitiwadziwa.

Nanga cimene cimaletsa anthu amenewa kuwerenga kapena kusintha uthenga wa eni ake nciani? Yankho lake ndi lakuti uthengawo umatsekedwa ndi loko, ndipo lokoyo si wacitsulo ai, koma wa masamu. M'nkhani ino tifotokoza mtundu umodzi wa manambala amene amapangira maloko otere, cifukwa cimene amasankhira mtundu umenewu, ndiponso, koposa zonse, cifukwa cimene wosankha nambalayo ayenera kuonetsa poyera njira imene anaipezera. Masamu ake oyamba ndi omwe aja a ku pulaimale, kuculukitsa ndi kugawa, kotero kuti mphunzitsi ali yense angathe kuwalongosola m'cinenero cathu.

Nambala yokana kugawidwa

Tiyerekeze kuti msodzi wafika ku mtunda ndi makumba 12, ndipo afuna kuwaika m'milu yofanana. Angathe kuunjika milu 2 ya nsomba 6, kapena milu 3 ya nsomba 4, kapenanso milu 4 ya nsomba 3. Koma akakhala ndi makumba 13 zinthu zibvuta. Akaika milu 2 itsala imodzi, akaika milu 5 zitsala zitatu, ndipo njira zimene zamtsalira ndi ziwiri zokha: kugulitsa imodziimodzi, kapena zonse mulu umodzi. Nambala yotere pa Cingerezi amaicha prime number, koma ife tiicha nambala yosagawika, pakuti imagawidwa popanda cotsala ndi 1 ndi iyo yomwe basi. Oyamba mwa manambalawa ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19 ndi 23. Koma 1 sawerengedwa m'gulumo.

Nzeru imeneyi si yacilendo mu Africa. Ku Ishango, m'dziko la Congo pafupi ndi nyanja ya Edward, kunapezeka m'caka ca 1950 pfupa lakalekale lolembedwa timizere m'magulu, ndipo mzere wina uli ndi magulu a 11, 13, 17 ndi 19, ngakhale akatswiri amatsutsana ngati wolembayo anacita ici modziwa. Ku Alexandria, mu Egypt, Euclid anatsimikiza zaka ngati 300 asanabadwe Kristu kuti manambala osagawika alibe mathero. Komweko Eratosthenes, mbadwa ya ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, anaphunzitsa njira yowapetera monga mai apeta mgaiwa m'licero. Lembani manambala kuyambira 2 kufika 100. Siyani 2 koma fafanizani onse ogawika ndi 2. Citani cimodzimodzi ndi 3, ndi 5, ndi 7. Amene atsala m'licero ndi 25, ndipo onsewo ndi osagawika.

Yosagawika yolimba

Pakati pa manambala amenewa pali ena a khalidwe lapadera. Tengani 23, cotsanipo 1, patsala 22. Gawani pakati, mupeza 11, imenenso iri yosagawika. Tengani 47, mupeza 46, kenaka 23. Koma mukatenga 31 mupeza 30, kenaka 15, imene imagawika ndi 3 ndi 5. Nambala yonga 23 ndi 47 pa Cingerezi amaicha safe prime, ndipo ife tiicha yosagawika yolimba. Mwa manambala 25 aja, olimba alipo 7 okha: 5, 7, 11, 23, 47, 59 ndi 83.

Nambala yaing'ono ija yotuluka pogawa pakati imachedwa ndi dzina la Sophie Germain, mai wa ku Paris amene anabadwa mu 1776 namwalira mu 1831. Pa nthawi yake akazi sankaloledwa ku sukulu yaikulu ya masamu, cotero anadziphunzitsa yekha m'mabuku a atate wake, ndipo ankalembera akatswiri monga Gauss m'dzina lacimuna la Le Blanc. Iye anagwiritsa nchito manambala otere pofufuza funso lochuka la Fermat, osadziwa kuti tsiku lina adzakhala alonda a cuma ca anthu. Mpaka lero palibe amene watsimikiza kuti manambala olimba alibe mathero, ngakhale akatswiri akhulupirira kuti ndi momwemo.

Kupangana mfungulo anthu akumva

Bvuto lalikuru la uthenga wacinsinsi linali ili: wotumiza ndi wolandira ayenera kukhala ndi mfungulo imodzi, koma adzapatsana bwanji mfunguloyo ali kutali, pamene njira yokhayo yolankhulirana ndi yomwe ija adani akumvetsera? M'caka ca 1976 Whitfield Diffie ndi Martin Hellman, a ku yunivesite ya Stanford ku America, anafalitsa yankho. Yankholo limagona pa masamu a zotsala, amene tonse timawadziwa powerenga masiku: pakapita masiku 10 kucokera Lolemba timataya 7, nkuwerenga 3 otsalawo, nkupeza Lacinai.

Tiyerekeze kuti wamalonda ali ku Balaka ndipo msodzi ali ku Chiuta. Awiriwa agwirizana poyera, ali yense akumva, manambala awiri, 23 ndi 5. Wamalonda asankha mu mtima nambala 3, naculukitsa 5 × 5 × 5, napeza 125. Agawa ndi 23, cotsala ndi 10, ndipo 10 ameneyu ndiye atumiza. Msodzi asankha mu mtima 5, nalemba 5 kasanu ndi kuculukitsa, napeza 3,125. Agawa ndi 23, cotsala ndi 20, natumiza 20. Tsono wamalonda atenga 20 wa mnzake, namuculukitsa katatu monga mwa nambala yake yobisika, napeza 8,000, imene pogawa ndi 23 isiya 19. Msodzi atenga 10 wa mnzake, namuculukitsa kasanu, napeza 100,000, imene pogawa ndi 23 isiyanso 19. Onse awiri afika pa 19, ndipo imeneyi ndiyo mfungulo yao, cinkana palibe amene waichula.

Womvetsera wamva 23, 5, 10 ndi 20. Kuti apeze 19 ayenera kudziwa kuti 5 anaculukitsidwa kangati kuti pakhale cotsala 10. Pa nambala yaing'ono ngati 23 angoyesa imodziimodzi, ndipo apeza msanga. Koma makompyuta amagwiritsa nchito nambala yosagawika ya mabiti 2048, biti kukhala malo amodzi a 0 kapena 1 m'kawerengedwe ka makina. Ikalembedwa monga timalembera ife, nambala imeneyi iri ndi zilembo 617. Kupita kutsogolo, ndiko kuculukitsa, makina amatha m'kanthawi kocepa, koma kubwerera m'mbuyo palibe amene adziwa njira yake yacidule pa makompyuta amene alipo lero. Kusinja cimanga nkwapafupi, koma kubweza ufa kuti ukhalenso cimanga sikutheka.

Cifukwa cofunira yolimba

Wina angafunse kuti, kodi nambala yosagawika iri yonse yaikulu sikwanira? Tiyeni tiyese. Mukamaculukitsa ndi 5 mobwereza ndi kusunga zotsala pogawa ndi 23, mupeza 5, 2, 10, 4, 20, 8, 17, ndi kupitirira, ndipo simubwerera pa 1 kufikira mutayenda mapazi 22. Tsono citani zomwezo ndi 31: mupeza 5, kenaka 25, kenaka 1, ulendo watha pa mapazi 3 okha. Ngakhale 31 iposa 23, mfungulo zotheka zangokhala zitatu, ndipo mbala siisowa kutuluka thukuta.

Cinsinsi cake ndi cakuti kutalika kwa ulendo wotere nthawi zonse kumakhala nambala imene igawa yosagawikayo titacotsapo 1. Pa 31 tiri ndi 30, amene amagawika ndi 2, 3, 5, 6, 10 ndi 15, cotero maulendo aafupi ndi ambiri. Pa 23 tiri ndi 22, amene ndi 2 × 11 basi, cotero nambala iri yonse kupatula 1 ndi 22 imayenda mapazi 11 kapena 22. Ndiponso m'caka ca 1978 Stephen Pohlig ndi Martin Hellman anaonetsa kuti ngakhale ulendo ukhale wautali, ngati kutalika kwakeko kumagawika m'timanambala ting'onoting'ono, mdani angathe kumasula bvutolo pang'onopang'ono, monga munthu amene walephera kuthyola mtolo wa nkhuni, naumasula nkumathyola kamtengo kamodzikamodzi. Nambala yolimba iri ngati cipika cimodzi cacikuru: mulibe timitengo toti nkusolola.

Komabe kulimba kokha sikuthandiza ngati nambala iri yaing'ono. M'zaka za m'ma 1990 malamulo a boma la America ankaletsa kugulitsa kunja maloko a mtundu uwu oposa mabiti 512, ndipo maloko ofookawo anatsalira m'makina ambiri. Mu 2015 gulu la akatswiri linaonetsa, m'kafukufuku wochedwa Logjam, kuti atagwira nchito ya sabata imodzi pa nambala imodzi yotere, ankatha kutsegula mfungulo iri yonse yopangidwa ndi nambalayo m'mphindi zocepa. Mu 2019 akatswiri ena anamasula bvuto lomweli pa nambala yolimba ya mabiti 795. Ndi cifukwa cake masiku ano salangiza kutsika pansi pa mabiti 2048.

Kupeza ndi kuyesa

Kupeza nambala yolimba yaikulu cotere ndi nchito yofuna kudekha. Pa msinkhu wa mabiti 2048, nambala imodzi mwa manambala pafupifupi 1,400 ndiyo yosagawika, koma yolimba imapezeka imodzi mwa mamiliyoni angapo. Makina amayamba ndi kupeta kwa Eratosthenes, kutaya onse ogawika ndi timanambala tating'ono. Otsalawo amawayesa ndi muyeso wa Gary Miller ndi Michael Rabin, wa m'zaka za 1976 ndi 1980. Nambala yogawika ingathe kuzemba muyesowu, koma mwai wake suposa kamodzi mwa kanai. Cotero akabwereza kambirimbiri ndi mafunso osiyana, cikaiko cimacepa kufikira cosawerengeka. Wofuna umboni wathunthu aliponso nao pothawira. Henry Pocklington anaonetsa mu 1914 njira imene itithandiza apa: tikatsimikiza kuti nambala yaing'ono ija ya Germain ndi yosagawika, kutsimikiza yaikuluyo kumakhala kwapafupi. Ndipo Vaughan Pratt anaonetsa mu 1975 kuti nambala yosagawika iri yonse iri ndi umboni waufupi umene munthu wina angaulondoloze yekha.

Kuyesaku si mwambo cabe. M'mwezi wa February 2016 eni ake a pulogaramu yochedwa socat analengeza kuti nambala ya mabiti 1024 imene inali m'pulogaramu yao kwa caka cathunthu sinali yosagawika nkomwe. Anthu ankaigwiritsa nchito mwa cikhulupiriro, popeza palibe amene anaiyesa.

Cikomekome ca mkuyu

Tsono tafika pa mutu weniweni wa nkhani. Tinene kuti nambala yayesedwa, ndipo yapezeka yosagawika ndi yaikulu. Kodi pamenepo mtima ukhale pansi? Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa loko angathe kukupatsani loko wolemera ndi wonyezimira, iye atasunga mfungulo yaciwiri m'thumba.

M'caka ca 1992 Daniel Gordon anafotokoza kuti munthu angathe kupanga dala nambala yosagawika yokhala ndi maonekedwe obisika, amene amapeputsa nchito yoithyola kwa iye yekha wodziwa cinsinsico. Mu 2016 akatswiri anai, Joshua Fried, Pierrick Gaudry, Nadia Heninger ndi Emmanuel Thomé, anacitadi zimenezi: anapanga nambala ya mabiti 1024 yokhala ndi khomo lobisika, naithyola m'miyezi iwiri ndi makompyuta a ku yunivesite. Nambala yao sinali ya mtundu wolimba, koma inapambana miyeso yonse ya kusagawika, ndipo palibe njira yodziwika imene munthu wongoiyang'ana akanaonera cinyengoco. Cifukwa ca ici akatswiri anayamba kukaikira manambala ali onse operekedwa popanda mbiri yake. Mwa citsanzo, cikalata ca bungwe loyala miyezo ya intaneti la IETF cochedwa RFC 5114, ca mu 2008, cinapereka manambala osanena kumene anacokera. Palibe amene waonetsa kuti muli cinyengo, koma popeza palibenso amene angatsimikize kuti mulibe, ambiri anawasiya.

Kusankha poyera

Anthu a ku Chiuta amadziwa mphamvu ya lamulo limene ali yense angaliyese. M'zaka za m'ma 1990, pamene makoka a maso ang'onoang'ono ochedwa nkacha anali kukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, asodzi a m'nyanjayi anapangana okha kuwaletsa, nakhazikitsa makomiti a m'magombe. Lamulo la maso a ukonde limagwira cifukwa silidalira mau a mwini ukonde. Munthu ali yense angathe kuutambasula nkuona yekha. Momwemonso ndi manambala: mankhwala a cikaiko ndi kumlanda wosankha ufulu wosankha mwa yekha, kuti nambala ituluke m'njira imene wina ali yense angaibwereze.

Njira yake iri motere. Poyamba agwirizana poyambira pamene palibe munthu anapapanga. Kaciwiri alengeza lamulo lofufuzira. Kacitatu atenga nambala yolimba yoyamba imene lamulolo liwafikitsapo, osadumpha ngakhale imodzi. Poyambira pochuka ndi nambala ya pi, 3.14159 ndi kupitirira, imene ana athu amaiphunzira poyesa kuzungulira kwa cinthu cobulungira, ndipo palibe mfumu kapena boma limene lingasinthe zilembo zake. Cikalata ca RFC 3526, ca Tero Kivinen ndi Mika Kojo m'caka ca 2003, cinatsata njira imeneyi: nambala yao ya mabiti 2048 iri ndi mabiti 64 oyamba ndi 64 omariza amene onse ndi 1, pakati pake pali zilembo za pi, ndipo pa zilembozo anaonjezapo 124,476 kuti afike pa yolimba. Cikalata ca RFC 7919, ca Daniel Kahn Gillmor mu 2016, cinacita cimodzimodzi ndi nambala ina yochuka ya masamu yochedwa e, ndipo coonjezera cake ndi 560,316. Ali yense wokhala ndi kompyuta, kaya ali ku London kaya ku Nayuchi, angathe kubwereza masamuwo napeza nambala yomweyo. Mu 2018, pamene anakonzanso TLS, ndiyo miyezo yotsekera mauthenga a pa intaneti, analeka kulola kuti kompyuta iri yonse ibwere ndi nambala yakeyake, nabvomereza manambala odziwika okhawo.

M'kalasi zimenezi zingathe kucitika ndi coko pa bolodi. Uzani ana kuti poyambira ndi 314, zilembo zitatu zoyamba za pi, ndipo lamulo ndi kukwera imodziimodzi kufikira yolimba yoyamba. Yosagawika yoyamba ndi 317, koma theka la 316 ndi 158, amene amagawika ndi 2. Yotsatira ndi 331, koma theka la 330 ndi 165, amene amagawika ndi 5. Kenaka 337, koma theka la 336 ndi 168. Pomariza afika pa 347, ndipo theka la 346 ndi 173, imene siigawika ndi 2, 3, 5, 7, 11 kapena 13, cotero ndi yosagawika. Gawani ana m'magulu atatu osaonerana. Ngati onse alondola bwino, onse adzabwera ndi 347. Pamenepo afunseni kusiyana kwa nambala imeneyi ndi nambala imene mphunzitsi akanangoitulutsa m'thumba nati, khulupirirani.

Za lero ndi za mawa

Tiyenera kudziwanso kuti dziko silinaime pamenepa. Mauthenga ambiri a pa lamya masiku ano, monga a WhatsApp, amatsata nzeru yomwe ija ya Diffie ndi Hellman koma pa masamu ena ochedwa elliptic curve, amene amafuna manambala aafupi. Manambala olimba akali pa nchito m'malo ena. Telegram, mwa citsanzo, imagwiritsa nchito yolimba ya mabiti 2048, ndipo malangizo ake amati lamya yolandira iyambe yaiyesa. Mu 1994 Peter Shor anaonetsa kuti kompyuta ya mtundu watsopano yochedwa quantum, itapangidwa yaikulu mokwanira, idzathyola njira zonse ziwirizi, ndipo mu 2024 bungwe la miyezo la ku America la NIST linalengeza maloko atsopano okonzekera tsiku limenelo. Maloko adzasintha ndithu, koma funso lidzakhala lomwelo: nambala iyi waisankha ndani, ndipo tingabwereze bwanji njira yake?

Dziko lathu linakhazikitsa m'caka ca 2016 lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limazindikira malonda ndi masaini a pa makina. Koma lamulo lokha siliyesa manambala. Amayesa ndi anthu ophunzira. Ngati tidzangolandira maloko opangidwa kutali popanda ana athu odziwa kuwafufuza, tidzakhala ngati wogula amene salola maso ake kuona sikelo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo citetezo ca manambala awa cimacokera ku kuculuka kwa anthu owayesa.

Cotero aphunzitsi, makamaka inu amene mudzatumizidwa ku sukulu za kwa Ngokwe, kwa Kawinga ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja, musapeputse phunziro la kugawa ndi zotsala. Yambani ndi milu ya nsomba, pitirizani ndi licero la Eratosthenes, ndipo mau akuti yosagawika ndi yolimba muwayese pa ana, muone ngati akumveka. Mukapeza ena oposa awa, alembereni anzanu m'magazini ino. Koposa zonse, mwana akapereka yankho, mufunseni aonetse njira imene wadzera, ndipo inunso mukapereka lanu, mloleni alilondoloze.